Thunthu la mtengo limachokera kuti? Poyambira sayansi ya zachilengedwe

M'zaka za m'ma 1600, munthu wina wa kudera limene lero kuli dziko la Belgium, dzina lake Jan Baptist van Helmont, anachita kanthu kooneka kachibwana koma kofuna kudekha. Anatenga dothi, analiumitsa mung'anjo, n'kuliyeza pasikelo. Linalemera makilogalamu pafupifupi 90. Analithira mumphika waukulu n'kubzalamo kamtengo ka mtundu wa willow kolemera makilogalamu awiri ndi pang'ono. Pakamwa pa mphikawo anavundikirapo chitsulo chobowolabowola kuti fumbi lisamagweremo. Kwa zaka zisanu sanathiremo china chilichonse koma madzi okha. Zaka zisanuzo zitatha anazula mtengowo n'kuuyeza, ndipo unali utawonjezera makilogalamu pafupifupi 74. Dothi lija ataliumitsanso, anapeza kuti lachepa ndi magalamu osakwana 60 basi.

Nanga makilogalamu 74 aja anachokera kuti? Anthu ambiri mukawafunsa amayankha mosakayika kuti mtengo umadya dothi. Sikelo ya van Helmont inakana zimenezo. Mwiniwakeyo anaganiza kuti thunthu, nthambi ndi mizu ndi madzi osandulika. Analondolako pang'ono, poti mtengo wauwisi umakhaladi ndi madzi ambiri, koma chachikulu chinamudutsa. Chikuni mukachiumitsa mpaka gwa, pafupifupi theka la kulemera kwake ndi kaboni, ndipo kaboni ameneyo sanachokere m'dothi kapena m'madzi. Anachokera mumpweya. Masamba amakoka mpweya wa kaboni dayokisaidi kudzera m'timabowo tosaoneka ndi maso, n'kuuphatikiza ndi madzi obwera kuchokera kumizu, mothandizidwa ndi kuwala kwa dzuwa. Zotulukapo ndi shuga, amene mtengo umamangira thupi lake, ndi mpweya wa okosijeni umene inu ndi ine tikupuma panopa. M'mabuku ntchito imeneyi amaitchula kuti photosynthesis. Chitseko chathabwa, benchi, pepala limene mukulembapo manotsi, zonsezi mbali yake yaikulu ndi mpweya umene dzuwa linaumba kuti ukhale chinthu chogwirika.

Ndayamba ndi mphika wa van Helmont chifukwa mmenemo muli khalidwe lonse la phunziroli. Ophunzira ambiri amalowa m'kalasi ya sayansi ya zachilengedwe akuyembekezera ulaliki: musadule mitengo, musataye zinyalala. Malangizo amenewo ndi abwino, koma sayansi yake siyagona pamenepo. Yagona pa kulondola chinthu ngati mlenje wolondola mapazi a nyama. Chinthuchi chachokera kuti? Chikachoka pano chikupita kuti? Ndipo chikuyenda pa liwiro lotani? Poyankha mafunso amenewa mudzabwereka nzeru ku bayoloje, ku kemisitiri, ku fizikisi, ku jogalafe, nthawi zina ngakhale ku maphunziro a zachuma ndi malamulo. Koma mafunso ake sasintha.

Mawu oyamba amene mudzakumana nawo ndi akuti ecosystem. Anawafalitsa katswiri wa zomera wa ku Britain, Arthur Tansley, mu 1935. Amatanthauza zamoyo zonse za pamalo ena pamodzi ndi zopanda moyo zimene zikuzizungulira, monga madzi, dothi, mpweya, kutentha ndi kuwala, zonsezo n'kumaziona ngati chinthu chimodzi chogwira ntchito limodzi. Nkhalango ndi ecosystem. Dziwe nalonso. Ngakhale chipika chowola chimene chagona pansi pa mtengo. Malire ake amadula ndi wofufuzayo malinga ndi funso lake, chilengedwe pachokha sichinadule malire amenewo.

Mu ecosystem iliyonse mumayenda zinthu ziwiri, ndipo kayendedwe kake n'kosiyana. Wophunzira amene wagwira kusiyana kumeneku wagwira theka la phunziro. Choyamba ndi mphamvu. Chachiwiri ndi zipangizo zomangira matupi, monga kaboni, nayitirojeni, fosifolasi ndi madzi. Mphamvu imangodutsa ulendo umodzi osabwerera. Zipangizo zimazungulira.

Tiyambe ndi mphamvu. Imachokera kudzuwa, zomera n'kuigwira. Chiwala chimadya udzu, chule amadya chiwala, njoka imameza chule, chiwombankhanga n'kunyamula njoka. Koma chiwala sichisunga mphamvu yonse ya mu udzu umene chadya. Ina chimathera podumpha, ina popuma, ina imatuluka ndi ndowe, ndipo pomalizira pake yambiri imachoka ngati kutentha basi. Udzu wina sudyedwa n'komwe. Raymond Lindeman, amene ankafufuza kanyanja kena ku Minnesota m'dziko la America, ndi amene anaika maganizo amenewa m'ndondomeko mu 1942. Anamwalira chaka chomwecho ali ndi zaka 26, zolemba zake zisanatuluke. Kuchokera pa ntchito yake panabwera kalamulo kamene mudzakapeza m'buku lililonse, koti pa sitepe iliyonse pamawoloka pafupifupi gawo limodzi lokha mwa magawo khumi. Ngati udzu wasunga mphamvu zokwana 1,000, ziwala zidzasunga 100, achule 10, njoka 1. Musakaloweze ngati lamulo la m'khoti, chifukwa pena zimaposa, pena zimachepera. Chofunika ndi tanthauzo lake. N'chifukwa chake udzu umadzaza chigwa chonse, mbidzi zimayenda m'magulu, koma mikango imawerengeka. N'chifukwa chakenso mndandanda wa zodyana sutalika, kawirikawiri umathera pa sitepe yachinayi kapena yachisanu. Pamwamba pamenepo sipatsala kanthu kokwanira kudyetsa wina.

Mphamvu yochoka ngati kutentha ija palibe chomera chimene chingaitolenso. Dzuwa liyenera kutuluka mawa, ndi mkucha, kuti zonse zipitirire.

Zipangizo ndiye nkhani ina. Dziko lapansi sililandira kaboni watsopano kapena madzi atsopano oti n'kuwerengera. Zimene zilipozi ndi zomwezo, zimangosintha malo ndi maonekedwe. Kuti muone amene amazunguza gudumu limeneli, pitani pamene pagona chipika chowola, muchitembenuze pang'onopang'ono. Choyamba kukufikani ndi fungo la chinyezi. Kenako muona timizere toyera ngati ulusi wa thonje titayala pansi pa khungwa. Limenelo ndiye thupi lenileni la bowa, kachipewa kamene kamatuluka pamwamba kaja ndi chipatso chabe. Bongololo adzipinda, nyongolotsi ithawira m'kadzenje, nyerere zili yakaliyakali kusamutsa mazira. Mukafinya thabwalo lingofumbutuka m'manja, lakuda, lofewa, losasiyana kwenikweni ndi dothi. Ndipo ochuluka koposa simuwaona, chifukwa mu supuni imodzi ya dothi lachonde mumakhala mabakiteriya mamiliyoni mazanamazana. Onsewa akuphwasula zimene mtengo unamanga. Kaboni akumubwezera mumpweya, michere akuibwezera m'nthaka kuti mizu ina idzaikoke. Mabuku ambiri amawapatsa kandime kamodzi kumapeto kwa mutu, ndipo ine ndimaona kuti kumeneko n'kuwalakwira. Popanda iwo nkhalango ikanakwiririka ndi mitembo yake yomwe, michere yonse itatsekeredwa m'masamba ouma.

Moto umachita zomwezo, koma mothamanga. Mtolo wa nkhuni wolemera kusenza ukapsa umasiya kaphulusa kochepa. Phulusalo ndi michere imene mtengo unatenga m'dothi, monga magalamu ochepa amene van Helmont anawasowa mumphika mwake. Zina zonse zabwerera kumwamba kumene zinachokera. Sizinathe, zangochoka m'maso mwathu. Mawu akuti "kutaya" amatinyenga pamenepa. Tikataya chinthu timangochisamutsa, ndipo wina, kwinakwake, amachilandira.

Tsopano funso lachitatu lija, la liwiro. Kaboni amayenda m'njira ziwiri. Njira yofulumira ndi imene taonayi, kuchoka mumpweya kulowa m'tsamba, m'nyama, n'kubwereranso mumpweya m'masiku ochepa kapena m'zaka makumi angapo. Nyanja zamchere nazonso zimamwa ndi kutulutsa kaboni dayokisaidi nthawi zonse. Koma pali njira ina yochedwa kwambiri. Zaka pafupifupi 300 miliyoni zapitazo, nkhalango za m'madambo zinkagwa n'kukwiririka m'matope zisanawole bwinobwino. Zinapsinjika, zinatenthedwa, mpaka zinasanduka malasha. Tizamoyo ta m'nyanja timene tinakwiririka mofananamo tinasanduka mafuta ndi gasi. Kaboni ameneyu anali atachotsedwa m'gudumu lofulumira, atagona pansi. Kuyambira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1700, pamene makina oyendera malasha anayamba kufala, anthu takhala tikumufukula n'kumuotcha. Zimene zinatenga zaka mamiliyoni kuti zisungike tikuzitulutsa m'zaka mazana awiri kapena atatu. Zomera ndi nyanja zimameza pafupifupi theka la zimene timatulutsa. Theka linalo limatsalira mumpweya.

Tikudziwa bwanji? Chifukwa wina anayeza, ndipo sanaleke. Mu 1958, Charles David Keeling anayamba kuyeza kaboni dayokisaidi pamwamba pa phiri la Mauna Loa ku Hawaii, kutali ndi utsi wa m'mizinda. Anapeza magawo pafupifupi 315 pa magawo 1 miliyoni alionse a mpweya. Mzere wa zoyeza zake ukajambulidwa umaoneka ngati mano a sowo. Chaka chilichonse umatsika zomera za kumpoto kwa dziko lapansi zikaphuka, n'kukweranso masamba akayoyoka ndi kuwola. Ndimakonda kuuza ophunzira kuti akuona dziko likupuma. Koma mano a sowowo akukwera chitunda. Mu 2013 muyeso unafika 400, ndipo panopa wadutsa 420. Timathovu ta mpweya wakale totsekeredwa m'madzi oundana a ku Antarctica, kumwera kwenikweni kwa dziko lapansi, timasonyeza kuti mafakitale asanayambe muyeso unali cha m'ma 280, ndipo kwa zaka 800,000 m'mbuyomo sunkapitirira 300. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Kuyeza kwa chaka chimodzi sikukanaonetsa kanthu.

Wina angafunse kuti kampweya kochepa chonchi kangasinthe chiyani, pamene 78 peresenti ya mpweya ndi nayitirojeni ndipo 21 peresenti ndi okosijeni. Yankho lili pa khalidwe la mipweyayi. Kuwala kwa dzuwa kumadutsa mumpweya n'kutenthetsa nthaka ndi nyanja. Nthaka imabweza kutenthako m'mwamba mwa cheza chosaoneka. Nayitirojeni ndi okosijeni amachilola kudutsa, koma nthunzi ya madzi, kaboni dayokisaidi ndi methane zimachigwira n'kubwezera china pansi. Zimenezi pazokha si vuto, ndi zimene zatisunga. Popanda chofunda chimenechi dziko likanazizira kufika pafupifupi madigiri 18 pansi pa ziro, m'malo mwa madigiri 15 amene tili nawo tikaphatikiza madera onse. Vuto ndi kuwonjezera bulangeti pamwamba pa bulangeti. Nkhaniyi si yatsopano ayi. John Tyndall anayeza mmene mipweyayi imagwirira kutentha mu 1859, ndipo Svante Arrhenius anawerengera mu 1896 mmene dziko lingatenthere kaboni dayokisaidi atachuluka. Bungwe la akatswiri oona za kusintha kwa nyengo la IPCC linapeza kuti zaka za 2011 mpaka 2020 zinali zotentha ndi madigiri pafupifupi 1.1 kuposa zaka za 1850 mpaka 1900. Digiri imodzi imamveka yochepa mukaiyerekeza ndi kusiyana kwa m'mawa ndi masana. Koma ino ndi ya dziko lonse, nyanja zake zonse, chaka chonse. Mpweya wotentha umanyamula nthunzi yambiri, choncho mvula ikagwa imagwa yamkuntho, ndipo kukauma nthaka imauma msanga.

Pano ndichenjeze za kusokoneza kumene ndimakuona kawirikawiri. Kutentha kwa dziko ndi kubowoka kwa ozoni ndi nkhani ziwiri zosiyana. Ozoni ndi mpweya umene uli m'mwamba, makilomita pafupifupi 15 mpaka 35 kuchokera pansi, ndipo umatchinga cheza choopsa cha dzuwa chimene chimayambitsa khansa ya pakhungu. Mu 1974, Mario Molina ndi Sherwood Rowland anachenjeza kuti mankhwala otchedwa CFC, amene ankaikidwa m'mafiriji ndi m'zitini zopopera, akukwera m'mwamba n'kumaphwanya ozoniyo. Mu 1985 asayansi a ku Britain analengeza kuti pamwamba pa Antarctica ozoni wapyapyala kwambiri. Mu 1987 mayiko anasainirana pangano ku Montreal losiya mankhwalawo, ndipo m'kupita kwa nthawi mayiko onse a m'bungwe la United Nations analowamo. Ozoni akuchira, ngakhale pa Antarctica akuyembekezeka kubwerera mwakale cha m'ma 2060. Wophunzira aliyense ayenera kuidziwa nkhani imeneyi, chifukwa phunziroli lili ndi nkhani zambiri zomvetsa chisoni moti ena amafooka n'kuganiza kuti palibe chingakonzeke. Ichi chinakonzeka. Koma onaninso utali wa nthawi yake, kuchokera 1987 kukafika cha m'ma 2060.

Za madzi mwina munaphunzira kale: nthunzi imakwera, mitambo imapangana, mvula imagwa, mitsinje imabwerera kunyanja. Chimene zithunzi za m'mabuku sizionetsa bwino ndi kuchepa kwa madzi amene tingagwiritse ntchito. Pafupifupi 97 peresenti ya madzi a padziko ndi amchere. Mwa otsalawo, oposa magawo awiri mwa atatu ndi oundana, ndipo ambiri mwa enawo ali pansi pa nthaka. A m'mitsinje ndi m'nyanja zopanda mchere ndi kadontho chabe. Komanso mvula ikagwa ili ndi njira ziwiri, kulowa pansi kapena kuthamanga pamwamba. Pamene pali mizu, masamba owola ndi timauna ta nyongolotsi, nthaka imamwa ngati siponji, madziwo n'kumatuluka pang'onopang'ono mu akasupe mpaka m'chilimwe. Pamene nthaka ili mbee, madontho amaimenya n'kutseka timabowo take, madzi amathamanga atanyamula dothi lapamwamba, mtsinje umasefukira lero n'kuphwa mwezi wamawa. Dothi lokokolokalo linatenga zaka mazana kuti sentimita imodzi yokha ipangike.

Madzi amabwerera, inde, koma ali ndi muyeso wake. Nyanja ya Aral, pakati pa Kazakhstan ndi Uzbekistan, inali yachinayi kukula pa nyanja zonse zozunguliridwa ndi mtunda. M'zaka za m'ma 1960 boma la Soviet Union linapatutsa mitsinje iwiri yoithirira, Amu Darya ndi Syr Darya, kuti izithirira minda ya thonje. Dzuwa linapitiriza kumwa madzi a m'nyanjamo monga kale, koma olowa anachepa. Nyanja inaphwa, mchere unachuluka, nsomba zinafa, ndipo lero ku Moynaq, kumene kunali doko la asodzi, zombo zadzimbiri zakhala pamchenga. Damu limene linamalizidwa mu 2005 labwezeretsako kachigawo ka kumpoto. Palibe anaba madzi a Aral usiku. Zotuluka zinangoposa zolowa, chaka ndi chaka.

Nayitirojeni ali ndi nkhani yodabwitsa kuposa zonse. Tazingidwa naye mumpweya, chamoyo chilichonse chimamufuna pomanga mapuloteni, koma zomera ndi nyama sizingamutenge mumpweyamo mwachindunji. Zili ngati munthu wakufa ndi ludzu ali pakati pa nyanja yamchere. Amene amamasula nayitirojeni ndi mabakiteriya ena. Zulani mosamala chomera cha m'gulu la nyemba, mutsuke mizu yake. Muona timatuza tozungulira titamatirira kumizu. Dulani kamodzi ndi lezala. Ngati m'kati muli mofiirira, mabakiteriya otchedwa Rhizobium ali pa ntchito, akusandutsa nayitirojeni wa mumpweya kukhala chakudya cha chomera, chomeracho n'kumawalipira shuga. Kwa zaka zosawerengeka, njira imeneyi pamodzi ndi ziphaliwali ndiyo inkaika malire a zimene nthaka ingabereke.

Malire amenewo anathyoka mu 1909, pamene Fritz Haber wa ku Germany anapeza njira yopangira amoniya kuchokera ku nayitirojeni wa mumpweya, ndipo Carl Bosch anaifikitsa m'fakitale mu 1913. Kumeneko ndi kumene kumachokera feteleza wa nayitirojeni. Akatswiri amayerekeza kuti pafupifupi theka la anthu a padziko, amene anakwana 8 biliyoni mu 2022, amadya chakudya cholimidwa ndi feteleza wotere. Choncho aliyense wonena kuti feteleza ndi woipa basi sanaganize mokwanira. Koma funso lachiwiri lija silitisiya: amene mbewu sizinamwe amapita kuti? Mvula imamukokolera mumtsinje. M'madzi amadyetsa ndere, ndere zimachulukana mpaka madzi kubiriwira. Zikafa zimamira, mabakiteriya oziwoletsa amamaliza okosijeni wa m'madzimo, nsomba zimathawa kapena kubanika. Chaka chilichonse m'nyengo yotentha, pamene mtsinje wa Mississippi wa ku America umathira m'nyanja ya Gulf of Mexico pamapangika dera lalikulu lotere lopanda okosijeni wokwanira, ndipo michere yake yambiri imachokera m'minda ya kutali kwambiri kumtunda. Mlimi wa kumeneko mwina sanaonepo nyanjayo. Msodzi wovutikayo sanaonepo mundawo.

Poizoni nayenso amayenda m'njira zomwezi, ndipo pang'onopang'ono ndi mtolo. Mankhwala ena sawola msanga ndipo thupi silitha kuwatulutsa, amangokhazikika m'mafuta a m'thupi. Kumbukirani masamu a Lindeman aja. Kansomba kamadya tizamoyo tambirimbiri, nsomba yaikulu imadya tinsomba tambirimbiri, mbalame imadya nsomba zambiri. Mphamvu imachepa pa sitepe iliyonse, koma poizoni satayika, amaunjikana. DDT anali mankhwala otamandika ophera udzudzu ndi nsabwe, anapulumutsa anthu ambiri, ndipo Paul Müller, amene anatulukira kuti amapha tizilombo, analandira mphotho ya Nobel mu 1948 chifukwa cha mankhwalawa. Atayamba kupoperedwa mosasamala m'minda ndi m'madambo, ziwombankhanga ndi mbalame zina zodya nyama zinayamba kuikira mazira a zikamba zopyapyala, osweka make akawakhalira. Rachel Carson anachenjeza dziko za mankhwala otere mu 1962, ndipo America inaletsa DDT pa ulimi mu 1972. Mbalamezo zinachulukanso. Pangano la ku Stockholm la 2001 limalolabe DDT polimbana ndi udzudzu wofalitsa malungo, ndipo zimenezi zikusonyeza kuti nkhani za chilengedwe kawirikawiri zimafuna kuyeza phindu ndi chiopsezo, osati kungoti ichi n'chabwino, icho n'choipa. Ku Minamata, m'dziko la Japan, zinthu zinafika poipa kwambiri. Fakitale ina inkathira madzi okhala ndi poizoni wotchedwa mercury m'nyanja. Amphaka anayamba kudzandira ndi kugwa, kenako mu 1956 madokotala anazindikira matenda a mitsempha mwa anthu odya nsomba za pamenepo. Pamwamba pa mndandanda wa zodyana panali munthu.

Nanga chiwerengero cha zamoyo chimayenda bwanji? Mu 1944 asilikali olondera nyanja a ku America anasiya nyama 29 zonga mphalapala, zotchedwa reindeer, pa chilumba cha St. Matthew m'nyanja ya Bering. Panalibe chilombo chozigwira, ndipo chakudya chake, tizomera tomera pansi ndi pamiyala totchedwa lichen, chinali mbwee. Pofika 1963 zinalipo pafupifupi 6,000. Koma lichen amakula mochedwa kwambiri, ndipo anali atadyedwa mpaka pansi. Nyengo yozizira yotsatira inali yoopsa. Mu 1966 ofufuza anapeza nyama 42 zokha. Malo alionse ali ndi chiwerengero chimene angathe kudyetsa osawonongeka, ndipo chikapyola, chimawonongeka ndi gwero la chakudyalo, moti malowo amatsala osatha kudyetsa ngakhale zochepa zimene ankadyetsa poyamba. Anthu si reindeer, timalima, timagulitsana, timapeza njira zatsopano, choncho nkhaniyi musaisamutsire kwa anthu mwachisawawa. Koma nsomba za m'nyanja, msipu, nkhalango ndi madzi a pansi panthaka zonse zimamvera lamulo lomweli. Zimabwerera ngati tikutapa mochepera liwiro limene zimadzibwezeretsa.

Kuchuluka kwa mitundu ya zamoyo nakonso si nkhani ya kukongola kokha. M'zaka za m'ma 1960, Robert Paine ankapita pagombe lina la miyala m'chigawo cha Washington ku America, n'kumachotsa tinyama tooneka ngati nyenyezi totchedwa starfish n'kutiponya kutali. Malo oyandikana nawo anawasiya osakhudza kuti azifanizira. Kumene anachotsa starfish, nkhono za m'madzi zimene tinyamato tinkadya zinachulukana n'kulanda mwala wonse, ndipo mitundu ya zamoyo inatsika kuchoka pa 15 kufika pa 8. Nyama yodya zinzake ndi imene inkasungira ena malo. Palibe akanalota zimenezo pongoyang'ana.

Taonani bwino zimene Paine anachita, chifukwa ndiwo mwambo wa ntchitoyi. Anasintha chinthu chimodzi chokha, n'kusiya malo ena osasintha oti afanizire. M'chilengedwe zinthu zambiri zimasintha nthawi imodzi, ndipo n'kosavuta kuloza chala pa cholakwika. Nsomba zikachepa mumtsinje chaka chimene fakitale yatsegulidwa, mwina ndi fakitaleyo. Mwinanso mvula inachepa, kapena asodzi anawonjezeka, kapena zonse pamodzi. Wasayansi amatunga madzi kumtunda ndi kumunsi kwa paipi ya fakitale, m'dzinja ndi m'chilimwe, asananene kanthu. Kukonda chilengedwe sikutipatsa chilolezo chokokomeza. Ndipo amene wakokomeza kamodzi n'kugwidwa, tsiku limene adzanene zoona anthu sadzamumvera.

Kuyamba ntchito imeneyi sikulira labotale. Pezani mabotolo awiri apulasitiki aakulu ofanana, muwadule m'litali kuti akhale ngati timabwato, kukamwa kwake mukusiye. Limodzi mudzaze dothi lopanda kanthu pamwamba. M'linalo muike chigamba cha dothi la pamalo omwewo chimene mwachisema ndi udzu wake ndi mizu yake. Muwapendeketse mofanana, pansi pa kukamwa kwa lililonse muikepo tambula yoonekera m'kati. Thirani madzi ofanana, kuchokera pa msinkhu wofanana, kudzera m'chitini chobowola kuti agwe ngati mvula. Werengani masekondi mpaka dontho loyamba litagwera m'tambula, muyeze madzi amene atuluka, ndipo musiye matambulawo usiku wonse kuti matope adikhe, m'mawa muyeze ndi rula kuchindikala kwake. Lembani tsiku, malo amene munatenga dothi ndi manambala onse, ngakhale amene sakugwirizana ndi zimene mumayembekezera. Mukatero mubwereze katatu ndi dothi latsopano, kenako musinthe kupendekeka kokha, zina zonse zikhale momwemo.